Thanthwe la Mafoni

Kwathu kuno ku Ccollpapata, pamwamba pa mapiri a Peru,
nyumba ina siona utsi wa inzake.
Ukafuna mchere kwa Eulogia umanyamuka kusanache,
pobwera upeza alipaka atakhuta kale.

A kampani anabwerapo, chaka cha matalala aakulu chija.
Anatiwerenga ali m'galimoto, magalasi osatsitsa:
mabanja makumi atatu ndi anayi.
Anati nsanja imadya ndalama,
anthu ochepa chonchi sangaidyetse.
Fumbi lawo linachedwa kutsika kuposa iwo.

Ndiye tinali ndi thanthwe.
Maola atatu kukwera, kupitirira dziwe lakuda,
kumene mpweya umaperewera ngati kachewere wa kumapeto kwa chaka.
Ukaima kumanzere kwa mng'alu,
foni m'mwamba ngati ukupereka nsembe,
kamzere kamodzi kankatuluka mwamanyazi,
kosochera kuchokera ku tauni ina yomwe sitinaipondepo.
Pathanthwepo ndinamva kuti Hermógenes wanga walembedwa ntchito kumgodi.
Pomwepo ndinamvanso za chifuwa chake,
theka la mawu,
theka linalo mphepo inanyamula.

Kenaka Nélida, mwana wa Fortunato,
uja tinkati sukulu yamuzunguza mutu,
anabwera ndi kabokosi kotuwa, kopepuka ngati mwana wa nkhosa.
Tinasonkha. Wina ubweya, wina masole asanu, wina thukuta lokha.
Abulu awiri anasenza sola ndi mabatire.
Mlongoti tinaudzutsa ndi zingwe kuseri kwa sukulu;
unagwa kawiri,
unathyola chala cha mphunzitsi,
kachitatu unaima.
Nélida anakwera mawaya ali kukamwa,
ife pansi makosi akuwawa.
Mafoni a m'matumba analira onse nthawi imodzi
mpaka agalu anathawira kumtsinje.

Tsopano kope limakhala ndi ine.
Banja lililonse masole asanu ndi atatu pamwezi.
Amene alibe amabweretsa kachewere wouma ndi chisanu,
ndimalemba zomwezo.
Wogula ubweya uja wa sikelo yabodza
amatipeza tikudziwa kale mtengo wa kumsika,
amangokanda pansi pa chipewa.
Usiku wa Paulina mzamba anaitanidwa pafoni,
anafika pakavalo mutu wa mwana usanaoneke.
Mitambo ikachita masiku anayi mabatire amagona,
ifenso timabwerera m'chete wathu wakale.
Mphezi inatiotchera kabokosi kamodzi.
Tinatukwana, tinasonkhanso.

Koma pali china chomwe sindilemba m'kope.

Kunyumba foni ikalira
apongozi amasiya kupota ulusi,
ana amaunjikana pamawondo anga,
mlamu amabwera kudzafunsa za nsapato zomwe analonjezedwa,
ndipo Hermógenes amati, "Ndili bwino, ndili bwino ndithu,"
monga munthu wodziwa kuti khamu latchera khutu.

Choncho Lamulungu lina ndimakwerabe.
Ndimanama kuti alipaka mmodzi wasowa.
Njira yayamba kumera udzu,
miyala yomwe tinkapumirapo yachita ndere.
Pathanthwe palibe munthu,
pangotsala timakhadi ta mayunitsi tosuluka
tomwe tinkatsindira m'mng'alu,
ndi dzina la Eulogia lomwe wina anazokota akudikira kuyankhidwa.
Foni imaonetsa mizere inayi, yodzaza,
ya mlongoti wathu womwe uja,
ndimauona kumunsi uko, wochepa ngati singano
yomwe wina waiwala pansalu.

Ndimaimabe kumanzere kwa mng'alu.
Mwendo sunamve kuti zinthu zinasintha.

Akayankha ndimati,
"Ndili ndekha. Tsokomola."
Amayamba waseka, kenaka amatsokomola,
nthawi yaitali, yosawerengera mayunitsi,
ine nditatsamira mwala wozizira,
kumva zonse tsopano,
ngakhale kaphokoso kaja ka kumapeto
komwe kale mphepo inkandibisira.