Mamita Awiri ndi Zala Zinayi

Ku Ziguinchor ndinkaweramira khomo lililonse
ndisanakwanitse zaka khumi ndi zinayi.
Amayi ankati, Malang, ukukulira kuti?
Mphasa ikukuthera m'mawondo,
mpunga m'nyumba muno ukuthera iwe.
Nsapato zanga anazidula kutsogolo
kuti zala zipumeko.

Munthu wa tepi anabwera nyengo ya mango.
Dzina sanandifunse.
Anati tambasula manja,
nayeza kuchokera chala mpaka chala
ngati wogula matabwa,
n'kulemba m'kabuku.
Basiketibolo ndinali ndisanaigwirepo.
Ndinakaiphunzira ku Dakar, pa simenti yotentha,
pansi pa nkhata yachitsulo yopanda ukonde,
kuponya, kutola, kuponya,
mpaka dzanja linayamba kudziwa
zimene mutu unali usanamve.

Kenako ndege.
Ku France miyezi khumi pa benchi,
kuwombera m'manja anzanga.
Ku Greece anatilipira miyezi itatu,
yotsalayo akundisungirabe mpaka lero.
Ku Turkey ndinasewera ndikusala Ramadani,
lilime louma ngati chikopa,
koma ndinamwetsa mapointi makumi atatu,
ndipo anthu zikwi zisanu anaimba dzina langa molakwika.
Ndinawasiya. Linkakoma choncho.

Kwina ankalira ngati anyani
ndikaima pa mzere woponyera.
Ndinkagunditsa mpira pansi katatu,
kupuma, kupinda mawondo,
n'kuponya.
Kulira kwa ukonde, swaa,
ndilo yankho limene linkamveka
m'dziko lililonse.

America? Ndinakhalako masiku khumi ndi awiri.
Anandipatsa jezi yopanda dzina
ndi chikwama chabwino kwambiri.
Chikwamacho ndikadali nacho.

Malata a nyumba ya amayi ndi Turkey.
Sukulu ya Gnima, mlongo wanga, ndi Poland.
Injini ya bwato la amalume a Ansoumana
ndi chala chopindika ichi, chimene sichiwongokanso.
Maliro a bambo ndinawaonera pa foni
m'chipinda chovalira, nditavala sokosi imodzi,
kochi akugogoda: kwatsala mphindi zinayi.
Ndinalowa m'bwalo.
Za tsiku limenelo musandifunse.

Pano ndili ku Lithuania, zaka makumi atatu ndi zisanu,
m'tauni imene dzuwa limaweruka folo isanakwane.
Basi ikutibweza usiku,
chipale chili mbuu m'mbali mwa msewu,
anyamata agona, nyimbo zili m'makutu.
Ine mwendo ndautambasulira pakanjira,
thumba la ayezi pa bondo lamanzere.
Dokotala anandionetsa chithunzi chake dzana:
fupa likudya fupa,
pakati palibenso kanthu.
Anafunsa, kodi mukufuna kudzayenda nokha
muli ndi zaka makumi asanu?
Ndinaseka. Iye sanaseke.

Timu yagula mnyamata wa ku Mali, Fousseyni,
wowonda ngati nsungwi,
amalumpha ngati munthu wopanda ngongole.
Wadzera malo anga, tonse tikudziwa,
ngakhale palibe amene wanena.
Komabe m'mawa ndimamuimbira kuti adzuke.
Ndamusonyeza sitolo ya tsabola weniweni.
Ndamuuza asasaine pepala asanaliwerenge kawiri,
asabwereke dobadoba pasipoti,
ndiponso poika chigongono
kuti woyimbira asaone.
Amangoti eya, eya, mkulu,
maso ali pa foni.
Inenso ndinkatero.

Dzulo onse atatuluka,
magetsi ena atazima kale,
ndinatsala ndekha ndi mpira.
Sindinalumphe.
Ndinaima pa mzere, katatu pansi,
n'kuponya.
Unazungulira nkhata, kuzunguliranso,
ngati ukuganiza kaye,
kenako n'kugwera kunja.

Mlonda wachikulire, Algirdas,
anagwedeza makiyi pakhomo.
Ndinakweza chala: umodzi wokha.
Anayang'ana wotchi,
anayang'ana bondo langa,
n'kukoka mpando, n'kukhala.
Amadziwa kuti ndikunama.