Mabowo Atatu

Anandipatsa ola limodzi, Loweruka masana,
m'chipinda cham'mwamba cha laibulale
chimene zenera lake limayang'ana doko la Valparaíso.
Ndinati ola n'lambiri.
Mapepala asanu ndi atatu, mabowo atatu, ulusi umodzi:
kabuku kotere ndimasoka ndili mtulo,
zaka makumi awiri ndadyera singano.

Anabwera khumi ndi mmodzi.
Singano ndinali nazo khumi.

Ndinayamba ndi mbiri ya pepala,
ndinafotokoza za phula lopaka ulusi,
za fupa losalaza limene anandisiyira mphunzitsi wanga,
pakamwa pali yaviyavi.
Pokweza maso, mphindi makumi awiri zinali zitapita
ndipo kamtsikana kena, Ximena,
kanali katapinda kale pepala lake kukhala bwato.

Kenako ulusi unakana kulowa.
Izi sindinaziwerengere.
Bambo Rigoberto, amene anakalambira padoko
akumangirira sitima ndi zingwe zonenepa ngati mwendo,
zala zawo ngati mipini,
ananyambita nsonga, kuloza, kuphonya,
kunyambitanso, kuphonyanso,
kenako katsonyo kapansipansi.
"Bweretsani kuno," ndinatero,
ndipo asanaphethire ulusi unali utalowa.
Sanathokoze.
Anabisa manja pansi pa tebulo
ngati mwana wopezeka ndi shuga kukamwa.
Ola linatha tili pa bowo lachiwiri.
Woyang'anira nyumba anayima pakhomo
akuliza makiyi.

Loweruka linalo ndinalawira.
Singano khumi ndi zisanu, zonse ndi ulusi wake,
ndinazibaya pa kansalu ngati asilikali.
Mbiri ya pepala ndinaisiya kunyumba.
Ndinangoti: lowani pakati, tulukani pamwamba.
Koma ndinali nditayima kutsogolo kwawo,
kumanja kwanga kuli kumanzere kwawo,
ndipo onse anasoka chobwerera, mokhulupirika,
monga ndinawaonetsera.
Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo,
phewa ndi phewa, tonse tikuyang'ana kunyanja.
Pamenepo m'pamene ulusi unamva.

Mayi Eulalia, amanzere, anadzibaya chala.
Kadontho kanagwera pa chikuto choyera.
Ndinathamangira pepala lina.
"Lisiyeni," anatero akuyamwa chalacho,
"ndi mmene adziwire kuti n'kanga."
Mnyamata wina, Benigno, anaboola mabowo asanu
chifukwa atatu anamuonekera ochepa,
ndipo kabuku kake kanagwira ndithu.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze,
n'kutsekanso.

Sindinadziwe kuti kukhala chete kumatopetsa chonchi.
Manja anga ankayabwa,
ankafuna kuwongola mzere uliwonse wokhota,
mpaka ndinawaika m'thumba la epuloni
n'kumafinya kachidutswa ka phula.

Bambo Rigoberto sanabwere tsiku limenelo.
Singano yawo inatsala pa kansalu.

Anatulukira sabata lachitatu, mvula ikuwaza,
magalasi atsopano ali pamphuno.
Singano yanga yokonzeratu anaikankhira pambali,
anasolola ulusi, nayamba okha.
Ndinawerenga mumtima: kanayi, kasanu, kasanu ndi kawiri.
Kunja sitima inalira.
Ulusi unalowa.
Sanayang'ane aliyense.

Pomaliza, pamene ndimati mangani kawiri,
iwo anapotoza zala mwamtundu wina,
mfundo yaing'ono, yafulati, yosasuntha,
yoti sindinaionepo m'buku lililonse.
"Imeneyo mwamanga bwanji?"
Anaimasula, namanganso pang'onopang'ono,
nandipatsa ulusi.

Ndinayesa. Inasolotoka.
Ndinayesanso, zala zikundiwirira,
anthu khumi akundiyang'ana,
makiyi akulira pakhomo.
Ndinadikira kuti anene, "Bweretsani kuno."

Sananene.
Anakoka mpando, nakhala pambali panga,
manja awo aakulu aja
atawakhalira.