Kiyi wa Firiji

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkagona ndi kiyi m'khosi,
pa chingwe chodetsedwa ndi thukuta la pa Nchalo.
Firiji inali imodzi, ine mmodzi,
ndipo muyeso wa shuga ndi malambe
unali m'mutu mwangamu, motsekedwa kuposa firijiyo.

Ndinkaviika ndekha, kusefa ndekha,
kumanga timajumbo ndekha mpaka zala kuchita dzanzi,
kenako n'kuwerenga ndalama kawiri, nyali ili pansi pa tebulo.
Wina akati ndikuthandizeni, ndinkamva ngati wati ndikubereni.
Anthu ankati, mayi uja ndi wolimbikira.
Palibe ankati, mayi uja ndi wamantha.

Mu Okutobala, mwezi umene phula limafewa pamsewu
ndipo mbuzi zimalimbirana mthunzi wa thiraki,
mwana wanga anadwala.
Tinakwera Thabwa pa ambulansi, kiyi ali m'khosi.
Masabata atatu ndili pa simenti ya chipatala,
ndikuwerenga m'maganizo anthu a ludzu
odutsa pakhomo panga potseka.
Usiku wina ndinamugwira kiyi uja,
wotentha ngati mphumi ya wodwalayo,
ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinkatcha bizinesi
chinali manja anga awiri basi.
Manja akachoka, chotsala ndi bokosi loyera
likung'ung'udza lokha mumdima.

Nditabwerera ndinagula kope la ana a sukulu.
Ndinalemba: makapu angati, madzi ochuluka bwanji,
nthawi yoviika, kawawasidwe kake pa lilime.
Dzanja linkanjenjemera ngati ndikusainira kugulitsa munda.

Esinala anayamba Lolemba.
Ndowa yake yoyamba inatsekemera mpaka kukhosi.
Ndinaluma mlomo.
Yachiwiri inali madzi okhaokha.
Ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuku.
Yachisanu ndinalawa nditatsinzina
ndipo sindinadziwe kuti wapanga ndani.
Zinandipweteka, ndisaname,
kuti chinsinsi changa chonse chinakwana pa tsamba limodzi.

Zuze, amene ndinkamuyesa wongodziwa kupalasa njinga, anati,
Mayi, kumsika timadikira ludzu kuti litipeze.
Odula nzimbe amatuluka m'munda dzuwa lili paliwombo,
ali bii ndi mwaye, kukhosi kuli gwa.
Bwanji osakawachingamira?
Ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti firijiyo ndi ya ndani.
Ndinameza mawuwo ngati nthanga ya masawu.
Thu koloko isanakwane anabwerako,
bokosi likulira pa kaliyala lopanda kanthu.

Si zonse zinayenda.
Magetsi anathima masiku awiri, katundu yense n'kusungunuka.
Ngongole ya sola inandidya tulo chaka chathunthu.
Ndipo Dolika, amene ndinamuphunzitsa ngati wobala ndekha,
anakatsegula yake ku Ngabu, ndi muyeso wanga womwewo.
Ndinalira. Ndinalumbira kuti kopelo ndiliwotcha.
Patatha mwezi anaimba foni, mawu ali pansipansi:
Mayi, ufa wa malambe wosefa bwino ndiupeza kuti?
Lero amagula matumba anayi pa mwezi,
ndipo posinja pali amayi asanu ndi awiri
amene sindinawalotepo n'komwe.

Tsopano mafiriji ndi anayi.
Ina ili ku Bangula, sindinaione chiyambire Pasaka.
Makiyi ali pa msomali kuseri kwa chitseko,
aliyense amadziwa.
Dzulo ndapeza wina walemba m'kope muja ndi bolopeni yofiira:
onjezani bwemba pang'ono, amakoma kuposa.
M'kope mwanga!
Ndinaima nthawi yaitali, chala chili pa mzerewo.
Kenako ndinatuma mwana kukagula bwemba.

M'khosi mwangamu mwatsala kamzere kotuwa ka chingwe chija.
Kukatentha kamayabwa,
ndipo dzanja limapitabe pamenepo lokha,
kufunafuna chinthu choti litseke.