Wopanda Mnzake

Mzungu wa ku Joni uja anagwada pa fumbi la malasha
nayendetsa chala pa msoko
umene bambo anawotcherera pa ngolo ya sitima.
Anaimba mluzu, kenako anagwetsa liwu limodzi:
noniparele.

Ine, womasulira wa pa mgodi wa Moatize,
wodyera malilime atatu,
ndinangoti kukamwa yasa.

Usiku ndinalisaka pa foni, magetsi atathima.
Ati n'Chingerezi, koma chobwereka kwa Afalansa,
ngati mchere wopempha kuseri kwa mpanda
umene mpaka lero sunabwezedwe.
Tanthauzo lake: wosayerekezeka, woposa onse,
wopanda mnzake.

Lamlungu ndinalinyamula ngati dzira
m'chapa yothithikana, kuwoloka mlatho wa Revubwe.
Ku Matundo ndinawapeza pansi pa msawu, atavula malaya,
akudonthezera mankhwala m'maso ofiira aja
amene moto wabuluu wakhala ukuwadya
zaka makumi atatu.

"Bambo, mzungu akuti a Zeferino ndi wopanda mnzake."

Sanaseke.
Anatola sawu, nalitafuna, nalavula nthangala.

"Walasa," anatero. "Mnzanga anali Kalisito.
Ndiye anagwira dzanja ili likunjenjemera
n'kuti: usathamangitse moto,
yenda nawo ngati ukuperekeza mkwatibwi.
Msoko wake maso sakanaupeza,
mwina lilime.
Lachisanu lililonse tinkapikisana pa botolo limodzi,
ndipo wolipira ndinali ine,
kupatula kawiri.
Kawiriko ndimakukumbukira kuposa tsiku la ukwati wanga,
usakawauze amako.
Chifuwa chinamutenga mvula isanagwe.
Chichokereni iye, palibe woloza chala pa ntchito yanga
n'kuti apa wanama.
Ukaona mlambe uli wokha m'chigwa, mwana wanga,
usati unagonjetsa mitengo inayo.
Inayo inadulidwa."

Dzuwa la Tete linatikhalira pa mapewa.
Mbuzi inabwera kudzanunkhiza nthangala ija
n'kuisiya.
Kutali sitima inalira, ikukoka ngolo zosawerengeka,
msoko uliwonse utagwira.

Lolemba mzungu anafunsa ngati uthenga unafika.
Ndinati unafika, akuthokoza.
Zotsalazo sindinamasulire.
Liwu lake m'Chingerezi ndinalisowa,
ndipo sindikudziwa khomo
limene ndingakagogode kuti andibwereke.