Zigoba za Lachinayi

Lachinayi, ana atangomaliza kumwa phala,
ndinalowa m'kalasi nditasenza makatoni a sopo
amene ndinapempha pa sitolo ina ku Limbe.
Ana makumi asanu ndi atatu kudza anayi,
masizasi atatu okha,
guluu wa ufa wa chinangwa m'chitini cha mkaka,
makala, katondo wokumba kuseri kwa mpanda,
ndi penti wabuluu wotsala ku ofesi ya ahedi.

Ndinati: lero musakopere pa bolodi,
musasuzumire za mnzanu.
Pangani nkhope ija mumaisiya pakhomo
mukamavala yunifolomu.

Fatsani sanadikire kuti ndimalize.
Anaboola kamwa lalikulu ngati khomo la minibasi,
n'kuyamba kukuwa m'kati mwake:
"Limbe! Limbe! Watsala mmodzi!"
Asiyatu anamata zitsekerero za mabotolo m'makutu,
magalasi a waya pamphuno,
ati ndi dokotala wa ku Kwinzi
amene sakalipira odwala.
Yankho anasomsola saka, n'kumata ulusi pachibwano,
ndevu zokhazokha, mphuno anaiwala.
"Ndi bambo anga, ali ku Joni.
Ndimangokumbuka ndevuzi."

Mayi wogulitsa zitumbuwa pageti
anasuzumira pazenera lopanda galasi:
"Aphunzitsi, mwayamba kuwaphunzitsa zinyau?"
Ayi mayi, awa ndi makatoni,
alibe dambwe, akununkhabe sopo.
Anaseka, koma sanachoke.

Pakona, pansi pa mapu ong'ambika,
panali Ndaziona wa ku Chilobwe,
amene dzina lake ndimaliitana kawiri m'mawa uliwonse
ndipo amayankha ndi dzanja.
Anaboola maso awiri aang'ono ngati nandolo.
Kenaka katondo, ndi zala zonse zisanu,
kuyambira pachibwano, kukwera, kukwera,
mpaka kupitirira pamene payenera kukhala mphuno.

Ine, mphunzitsi wa zaka khumi ndi zinayi pa choko,
ndinafika ndi sizasi m'manja.
Waiwala pakamwa, mwanawe, bwera nacho ndikuboolere.

Anandigwira pamkono. Zala zake zinali zozizira, zamatope.
Anakweza katoniyo kumaso,
ndipo kuseri kwake kunatuluka mawu
amene kaundula wanga anali asanawamvepo:
"Pakamwa palipo, madamu.
Pali pansi pa matope."

Kalasi yonse zii.
Tinamva hutala kutali pamsewu wa ku Chikwawa,
tinamva ntchentche m'chitini cha guluu.
"Usiku uja phiri linatsika, anafika apa.
Ine ndinali pa denga la a neba.
Sungeni anali m'nyumba."

Palibe buku la ku koleji limene linandiuza
pomwe mphunzitsi amaika manja ake pa nthawi ngati iyi.
Sizasi ndinaibisa m'thumba
ngati chinthu chakuba.

Ndi Fatsani, kondakitala uja,
amene anakankha chitini cha buluu ndi phazi
mpaka chinafika pakona, osanena kanthu.
Ndaziona anaviika chala chimodzi,
napaka pamphumi, pamwamba pa katondo,
kamzere kopyapyala ngati ulusi.
Ndinafunsa ndi maso.
"Kunadzacha," anatero.

Pazenera panalibenso munthu.
Panali zitumbuwa ziwiri pa pepala.

Fomu ya mayeso ikufuna malikisi pa khumi:
ukhondo, kusankha mitundu, kutsata malangizo.
Ndalemba ndi kufufuta mpaka pepala labooka.
Ndevu zopanda mphuno ndi zingati pa khumi?
Nanga matope?

Zigoba tazipachika pa waya kuchokera pachitseko kufika pa bolodi.
Mphepo ikatsika ku Soche madzulo
zimatembenuka, zina kuyang'anana, zina kufulatirana,
ndipo cha Ndaziona, cholemera ndi dothi,
sichigwedezeka kwenikweni.

Lachisanu m'mawa ndinaitana dzina lake kamodzi.
"Ndilipo."

Katoni imodzi inatsala, ndapita nayo kunyumba ku Zingwangwa.
Ili pa tebulo sabata yachiwiri tsopano.
Maso ndaboola.
Pakamwa sindinadziwebe poyambira.