Katoni Pansi pa Galimoto

Lolemba m'mawa, mu kamsewu kathu ku Wolverhampton,
Mayi Pritchard a nyumba yoyandikana nafe anandiimitsa.
Ndodo yawo inaloza pansi:
timadontho takuda pa phula,
tikunyezimira m'chiperoni chosatha cha kuno.
Sanakalipe. Kuno amayamba ndi pepani,
kenako n'kukulozera manyazi ako.

Galimotoyi ndi yaikulu kwa mwana wanga Tiyanjane ndi zaka ziwiri.
Ndinaigula kwa munthu amene ankangoyang'ana wotchi.
Imandizunguza nyumba zisanu ndi ziwiri patsiku
kukasambitsa makolo a eni,
ndipo galu wamkota sakandira pachabe.

Bambo Dhillon, a galaja ya pansi pa mlatho wa njanji,
sanagwire n'sipanala yomwe.
Anandipatsa katoni yakale ya firiji.
Kaiyale pansi pake usiku, iwo anatero,
mawa ubwere nayo tidzawerenge.

Ndinapita nayo ngati kalata ya kuchipatala.
Akanakhala ofiira, tikanafunsa giyabokosi.
Akanakhala obiriwira, onunkhira ngati switi, ndi rediyeta.
Angawa anali akuda, oterera pakati pa zala,
onunkha zopserera.

Ataikweza pa jeke ndinaona sampu ili noninoni.
Ndi apa, ndinatero.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Oilo ndi wabodza, mwana wanga.
Amatsetsereka, mphepo ya mumsewu n'kumukankhira m'mbuyo,
akagwere pa khomo la wosalakwa.
Pamene panyowa si pamene pabooka.

Tinaitsuka injiniyo, n'kuiumitsa,
n'kuiwaza paudala ya makanda mpaka kuyera mbuu.
Inalira mphindi khumi.
Tochi m'manja, tinalondola kamzere kakuda
kokhotakhota ngati njira ya linthumbu,
kudutsa pa fyuluta, yomwe inalibe mlandu,
kukwera, kukwera,
mpaka pa gasiketi ya chivindikiro chapamwamba,
youma gwa, yong'aluka pakona.
Mapaundi khumi ndi asanu ndi atatu. Ndinapuma.

Koma iwo anali asanathe.
Umathira wochuluka bwanji?
Lita imodzi, milungu itatu isanakwane.
Anayang'ananso katoni ija.
Apa sipakudzaza n'supuni yomwe.
Wina akutulukira pakhomo tikumuona,
nanga wa pazenera?

Anatsegula chotsekera, kusuzumira kunsi kwake:
munalibe zoyera zonga chambiko. Mwayi umenewo.
Galimoto inagona konko.
M'mawa kuli zii ndinailiza, iwo ataima kumbuyo
manja m'thumba.
Kautsi kabuluu kanatuluka phwii, n'kutha.
Timphira ta mavavu tatopa, iwo anatero.
Usiku oilo amadonthera mkati,
m'mawa injini imamuwotcha yokha, popanda mboni.
Ukanakhala utsi wa pokwera mtunda, akanakhala maringi,
ndipo tikanayamba kukamba za maliro.

Kukonza kwake?
Anatchula mtengo woposa galimoto yonse.
Tinangoyang'anana. Sitima inadutsa pamwamba pathu,
fumbi n'kugwera mu tiyi wawo.

Ndiye gasiketi tinasintha.
Zinazo ndimayenda nazo.
Lamulungu lililonse ndisanapite kutchalitchi,
pamalo osatsetsereka, injini itazizira,
ndimasolola kachitsulo, kupukuta, kubwezera, kusololanso.
Pakati pa timizere tiwirito ndi pamene ndimakhala.
Chigubu chili kubuti, pambali pa magolovesi a kuntchito.

Phula ndinalikwecha ndi sopo wa mbale, nditagwada.
Katoni tsopano imadzuka yoyera.
Dzulo Mayi Pritchard anakweza chala chachikulu pawindo,
kusangalala kuti yachira.
Ndinawabayibitsa.

Madzulo ake mchemwali wanga anaimba kuchokera ku Balaka,
za fizi, za malata, kenako: nanga inu kumeneko?
Ndinali m'galimoto, yunifolomu isanaume thukuta,
maso pa kagalasi, kudikira utsi uthe.
Tili bwino, ndinatero,
palibe chikudontha.