Masekondi Makumi Atatu

Foni yandidzutsa tambala asanaganize n'komwe:
uvuni wachiwiri wakana, mtanda ukufufuma, bwerani.
Kuchokera ku Mufakose mpaka ku Southerton
ndakhala m'kombi chikwama cha zida pamaondo,
sipanala ikugunda nthiti za mnzanga wosinza.

Pageti, fungo la buledi wadzulo.
A Marufu, kapitawo wa usiku, ufa mpaka m'nsidze,
akundionetsa wotchi ngati ndine ndikuithamangitsa.
Malole asanu atsamira khomo, kukamwa yasa.
Mbare ikudikira. Glen View ikudikira.

Nyali yofiira pabokosi. Ndikuidziwa.
Ndinaimanga ndekha zaka zinayi zapitazo,
waya ndi waya, ndikulemba manambala patepi
chifukwa wodzabwera pambuyo panga sindikumudziwa.

Ntchito yanga ndi diso.
Kagalasi kochepa ngati chikhadabo,
kamasuzumira m'paipi n'kumafunsa funso limodzi tsiku lonse:
moto, ulipo?
Moto ukapanda kuvomera, valavu imatseka pakamwa, gwa!
gasi n'kutsala panja ngati mlendo wofika usiku.

A Marufu akunong'ona:
“Mdala, kawaya kamodzi basi. Lumikizani apa ndi apa,
bokosi liziyesa likuona. Mawa mudzakonza bwino.”
Kawayako ali nako kale m'manja, kosendasenda mbali zonse.

Ndayang'ana nsidze zawo zoyera.
Bambo anga analibe nsidze.
A Zakeyo Kaphwiti, amene anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu,
ankayatsa boyila ya mafuta ku Workington ndi chisanza pandodo.
Tsiku lina moto unazima osatsazika,
mafuta anapitiriza kudontha mumdima,
iwo n'kulowetsamo muuni.
Anapulumuka. Ankatimva ndi khutu limodzi,
ndipo chitseko chikamenyetseka ankataya kapu.

Zimenezi sindinawauze a Marufu. Ndangoti ayi.

Ndatseka gasi, ndakoleka loko wanga pachogwirira,
kiyi m'thumba la pamtima.
Ndamasula diso. Lachita ng'ala:
mwaye, utsi wa majarini, ufa wouma ngati nkhanambo.
Silinafe. Langonena zoona, kuti sindikuona,
ndipo lakana kulumbirira chimene silinaone.

Ndalipukuta ndi kansalu kofewa.
Ndawongola kandodo koyatsira kamene kanapindika ndi kutentha,
ndapaka thovu la sopo pa mfundo zonse za paipi,
palibe yotupa.
Loko ndachotsa. Batani ndadina.

Tsopano masekondi makumi atatu.
Fani iyenera kuuzira uvuni wopanda kanthu,
kusesa mpweya uliwonse wobisala m'ngodya.
Palibe wofupikitsa; pokhotetsera pake ndinamatapo utoto.
A Marufu akuwerenga ndi chidendene.
Ine ndimawerenga m'Chichewa, monga bambo ankawerengera za lendi,
ndipo manambala athu ndi aatali,
makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri
amatha mpweya wonse m'chifuwa.

Thethethe, kandodo kathetheka.
Phu!
Lawi ladzuka, mtundu wa mutu wa gulo,
singano ya mita yakwera, yaima pamalo pake.
Anyamata a mathireyi ayamba kale kuimba mluzu.

Koma sindinathe.
Ndatsekanso gasi dala, ndione ngati diso likuwa.
A Marufu agwira mutu ndi manja awiri.
Sekondi imodzi. Gwa! Nyali yofiira.
Eya, lili maso.
Ndiye tiyatsenso, ndipo makumi atatu aja
tiwadikirenso onse.

Lole yoyamba yatuluka dzuwa litafika kale pamalata.
Ndasaina m'buku, tsiku, ola, zimene mita yanena.
A Marufu andipatsa buledi wotentha osandiyang'ana kumaso.
Ndatambasula dzanja linalo.
Azengereza, kenako aikamo kawaya kaja.

Kunyumba ndili ndi chitini cha utoto chodzadza timawaya totere,
ta ku Msasa, ta ku Graniteside, ta ku Willowvale,
tofiira, takuda, kamodzi kopserera nsonga.
Mkazi wanga amatengako
n'kumangira matimati kuseri kwa bafa.